Kodi ndisankhe gawo liti pa ntchito yopanga magemu?

Funso: Ndine mtsikana wa ku Luwinga kuno ku Mzuzu, ndipo ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a ICT. Kuyambira ndili ku sekondale ndimakonda magemu a pafoni, ndimajambula zithunzi ndi pensulo, ndipo code, imene ndi malangizo amene timalembera kompyuta, ndikuiphunzira ngakhale kuti sinandilowe kwenikweni. Mtima wanga uli pa kukhala game designer chifukwa ndili ndi maganizo ambiri a magemu a nkhani zakwathu, koma achimwene anga akuti ndisataye nthawi, ndikhale programmer poti ndiko kuli ndalama. Laputopu yanga ndi yakale, ili ndi RAM ya 4GB. Kodi ndisankhe gawo liti, nanga ndingadziwe bwanji kuti ndasankha bwino?

Yankho: Zikomo achemwali chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyamba ndi yankho lenilenilo kuti mudziwe kumene zotsatirazi zikulowera. Musasankhe dzina la udindo panopa. Sankhani luso limodzi limene zipatso zake mungathe kuzionetsa pa sikirini, kaya ndi code kaya ndi kujambula, muzame nalo, ndipo ntchito ya design muiphunzire pomaliza magemu ang'onoang'ono ndi luso limenelo. Malinga ndi zimene mwandiuza, kuti mumajambula komanso muli pa maphunziro a ICT, ine ndikuona kuti malo anu ali pakati pa magawo awiriwa, pa ntchito imene m'makampani amaitcha technical artist, ndipo ndifikapo kutsogoloku. Achimwene anu sakulakwa kukukankhirani ku code, koma chifukwa chimene akupereka n'choperewera, pakuti munthu amene walowa ntchito ya programmer chifukwa cha ndalama zokha amatopa nayo isanayambe n'komwe kumupatsa ndalamazo.

Tiyambe ndi udindo umene mtima wanu ukufuna, chifukwa ndi umene anthu ambiri amaumva molakwika. Game designer si munthu amene amabwera ndi maganizo kuti ena amugwirire ntchito. Maganizo a magemu aliyense pakampani ali nawo, kuyambira wolemba code mpaka woyesa gemu, ndipo palibe amene amalipidwa chifukwa chongokhala nawo. Ntchito ya designer ndi kukonza malamulo a sewero. Taganizirani masewera a bawo amene madala amasewera pakhonde la golosale. Thabwa lake lili ndi timaenje 32 m'mizere inayi ndi njere 64, mulibe nkhani, mulibe zithunzi zokopa maso, komabe anthu asewera mibadwomibadwo osatopa. Chimene chimawakoka ndi malamulo ake: mmene njere zimafesedwera, nthawi imene munthu amaloledwa kudya za mnzake, ndi mmene kusuntha kumodzi kosalingalira bwino kungagwetsere munthu amene amaoneka kuti wapambana kale. Mutasintha lamulo limodzi lokha la kadyedwe ka njere, masewera onsewo akhoza kuzizira kapena kuyamba kukondera amene wayamba kusewera. Kuona zimenezi zisanachitike, kuziyesa ndi kuzikonza, ndiyo ntchito ya designer.

Choncho tsiku lake limathera pa manambala ndi zolemba. Amakhala pa spreadsheet, tebulo la manambala la pakompyuta, kuwerengera kuti mdani wa m'gawo lachitatu akhale ndi mphamvu zochuluka bwanji, kuti wosewera apeze ndalama zingati pa mphindi imodzi, ndiponso kuti munthu akalumpha akhale m'malere nthawi yaitali bwanji asanaponde pansi. Amalemba malangizo omveka bwino kuti wojambula ndi wolemba code asamve zinthu ziwiri zosiyana. Kenako amapereka gemuyo kwa munthu amene sanaionepo, n'kukhala chete kumbuyo kwake akuonerera mmene akusokonekera pamalo amene iye ankayesa kuti ndi osavuta, ndipo madzulo ake amataya zimene wakhala akukonza sabata yonse. Maudindo a designer ndi ochepa poyerekeza ndi a code ndi a zojambula, ndipo ambiri amene ali nawo anafikapo kudzera pa khomo lina. Shigeru Miyamoto, amene dziko lonse limamudziwa chifukwa cha Mario, anaphunzira zojambula ndi kukonza maonekedwe a katundu wa m'mafakitale, analowa ku Nintendo, kampani ya magemu ya ku Japan, mu 1977 ngati wojambula, ndipo mpata wokonza Donkey Kong, imene inatuluka mu 1981, anaupeza ali kale m'katimo ndi luso la manja ake. Sindikukuletsani loto lanulo. Ndikungoti pakhomo pake pamafunika munthu wonyamula gemu yoseweredwa, osati kope lodzaza ndi maganizo.

Tsopano za code, zimene achimwene anu akukamba. Gemu imasiyana ndi mapulogalamu ambiri amene mukuphunzira m'kalasi chifukwa siidikira munthu kuti adine batani. Imajambula chithunzi chatsopano pa sikirini maulendo 30 kapena 60 pa sekondi iliyonse, ndipo ngati ndi maulendo 60, ndiye kuti kompyuta ili ndi mamilisekondi pafupifupi 16.7 okha kuti iwerenge chimene chala chadina, isunthe zinthu zonse, ione zimene zagundana, iyimbe phokoso loyenera, ijambule zonsezo n'kuyambiranso. Ikachedwa pang'ono, wosewera amaona gemu ikudukizadukiza ndipo amaichotsa mufoni. Pachifukwa chimenechi, programmer wa magemu amaphunzira kusamala mphamvu za makina kuposa anzake ambiri, ndipo masamu amene munkawaona ngati ongolembera mayeso a MSCE, monga sine, cosine ndi mavekita, amakhala zida za tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi amene amauza chipolopolo kumene chilowere ndiponso kamera kumene iyang'ane. M'gawo limeneli mulinso nthambi: ena amalemba za kaseweredwe, ena amakonza injini yeniyeniyo, pulogalamu yaikulu imene gemu imamangidwirapo, ena amapangira anzawo zida zogwirira ntchito, ena amaona zoti anthu a m'mayiko osiyanasiyana asewere limodzi pa intaneti.

Mwanena kuti code sinakuloweni, koma zimenezo sizikundiuza zambiri, chifukwa code ya m'kalasi yowerengera malipiro a antchito ongopeka siikoma kwa wina aliyense. Muyeso wabwino ndi mmene mumamvera mukakumana ndi bug, cholakwika chobisika mu code. Nthawi yambiri ya programmer siithera polemba zatsopano, imathera pofufuza chifukwa chimene munthu wa m'gemu akudutsira pakhoma kapena chimene foni ikutenthera pakatha mphindi khumi. Alipo anthu amene vuto lotere limawakwiyitsa koma osawalola kugona mpaka atalipeza, ndipo akalipeza amamva chimwemwe chimene wina sangachimvetse. Aliponso ena amene limangowafoola n'kuwachititsa kudana ndi kompyuta. Onse awiri ndi anthu anzeru, koma woyambayo ndiye angakhale pa ntchitoyi zaka makumi awiri.

Pamene achimwene anu akunena zoona zenizeni ndi pa nkhani ya chitetezo. Ntchito ya magemu siyokhazikika ngakhale m'mayiko olemera. Mu September 2023 kampani ya Epic Games inachotsa antchito oposa 800, ndipo mu January 2024 Microsoft inachotsa anthu 1,900 m'gawo lake la magemu, pamene Unity, kampani yopanga injini ya magemu, inachotsa pafupifupi 1,800 mwezi womwewo. Zikatere, programmer amene amadziwa zinenero za code monga C# kapena C++ amatha kupita ku banki, ku kampani ya mafoni kapena ku bungwe lililonse lofuna mapulogalamu, pamene munthu amene amangodziwa kukonza magawo a gemu amasowa kolowera. Kwa ife kuno, kumene kulibe makampani akuluakulu a magemu oti mungawalembere kalata yofunsira ntchito, mfundo imeneyi ndi yolemera kwambiri. Luso limene musankhe liyenera kukhala loti lingakudyetseni ngakhale chaka chimene palibe gemu imene ikukulipirani.

Kujambula nakonso kumadyetsa, ndipo pano ndikusiyana ndi amene amakuona ngati chibwana. Wodziwa kujambula pakompyuta amapeza ntchito yokonza zotsatsa malonda, makatuni, zithunzi za m'mabuku a ana ndi zithunzi za 3D zoonetsa mmene nyumba idzaonekere isanamangidwe. Koma muyenera kudziwa kuti kujambulira gemu n'kosiyana ndi kujambula chimene mtima wafuna Loweruka masana. Pensulo yanu ndi maziko abwino, chifukwa diso lodziwa kukula kwa mutu poyerekeza ndi thupi, kumene kuwala kukuchokera ndi mmene nsalu imapindikira silipezeka mwa pulogalamu iliyonse. Komabe pa gemu mudzajambula munthu mmodzi yemweyo akuyenda, akuthamanga, akulumpha, akugwa, chithunzi ndi chithunzi, ndipo phazi likatsetsereka pang'ono mudzayambiranso. Mudzajambula mitengo, miyala, mabatani ndi mabokosi ambirimbiri amene palibe adzakuyamikireni. Mudzatsatira kajambulidwe kamene wina wasankha, ndipo chithunzi chimene mwachikonda kwambiri chidzakanidwa chifukwa chikulemera mopitirira zimene foni yotsika mtengo ingakwanitse. Ngati mungapirire zimenezi osataya chikondi cha pa ntchito, ndinu wojambula wa magemu.

M'gawo la zojambula muli amene amajambula maonekedwe oyambirira a anthu ndi malo, amene amaumba zinthu mu 3D, amene amaika mafupa m'zoumbazo kuti zizipindika, ntchito imene amaitcha rigging, amene amaziyendetsa, ndi amene amakonza mabatani ndi zolemba za pa sikirini. Kuweruza kwanga ndi kwakuti mapulogalamu a AI opanga zithunzi apanikiza kwambiri gawo loyambalo, la zithunzi zongoonetsa ganizo, pamene ntchito yokonza chinthu kuti chiyende bwino m'kati mwa injini, chisalemere, ndiponso chigwirizane ndi zina zonse, ikufunabe munthu wodziwa chimene akuchita. Wophunzira wa lero achita bwino kutsamira kumeneko.

Apa ndi pamene pakubwera technical artist. Pa gulu lililonse lopanga gemu pamakhala kusamvana pakati pa ojambula, amene amafuna kukongola, ndi olemba code, amene amafuna liwiro, ndipo nthawi zambiri mbali ziwirizi sizimva chinenero cha inzake. Technical artist amaima pakatipo. Amalemba timapulogalamu totchedwa shader, timene timauza makina mmene madzi anyezimire, mmene udzu ugwedezekere ndi mphepo kapena mmene nkhungu ya m'mawa iphimbire phiri. Amapanga zida zoti wojambula asabwereze ntchito imodzi maulendo zana. Amafufuza chithunzi chimene chikuchedwetsa gemu n'kuchipepukitsa popanda kuchiipitsa. Anthu otere ndi osowa, chifukwa ojambula ambiri amaopa code ndipo olemba code ambiri alibe diso la zojambula, pamene inu mwayamba kale kuyenda njira zonse ziwiri. Chinanso chokomera inu n'chakuti Blender, pulogalamu yaulere yopangira za 3D, imalamulidwa ndi chinenero cha Python, ndipo GDScript, chinenero cha injini ya Godot, chimafanana kwambiri ndi Python pa kalembedwe, moti zimene mwaphunzira kumodzi zimakuthandizani kwinako. Sindikukulonjezani kuti mudzayamba ndi udindo umenewu, poti nthawi zambiri munthu amaufikira atagwirako ntchito mbali imodzi, koma ndi kumene ndingakondwe kuti muziyang'ana.

Magawo otsalawo ndiwadutsa mofulumira chifukwa simunawafunse. Wokonza phokoso ndi nyimbo amapatsa gemu moyo, ndipo kuno kumpoto tili ndi ng'oma za malipenga ndi nyimbo za ingoma zimene makutu a dziko sanazimve m'magemu, kungoti nyimbo ya mwini siitengedwa popanda chilolezo, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limaona za umwini wa zoterezi. Woyesa magemu, kapena kuti tester, sakhalira kusangalala ndi sewero monga ambiri amaganizira, koma amabwereza malo amodzi mpaka atapeza chimene chikuwononga n'kulemba mwatsatanetsatane mmene wina angalionerenso vutolo. Malipiro ake ndi otsika, komabe ndi khomo limene ma designer ambiri analowera. Producer amasunga nthawi, ndalama ndi mtendere wa gulu, ndipo ngati ndinu munthu amene ntchito ya m'gulu kusukulu siitha popanda inu kukumbutsa anzanu, muikepo maganizo.

Za laputopu yanu, musadandaule mopitirira, koma muidziwe malire ake. Injini ya Unreal Engine 5, imene inatuluka mu 2022, imafuna makina amphamvu, khadi labwino la graphics ndi malo a ma GB makumi angapo, moti pa RAM ya 4GB mungongotaya bandulo yanu. Unity, imene inayamba mu 2005 ndipo imagwiritsa ntchito C#, ndi imene makampani ambiri a magemu a pafoni amafunsa, koma nayonso ingakuvuteni pamakina amenewo. Yambani ndi Godot. Inayambitsidwa ndi Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina, inaperekedwa kwaulere kwa aliyense mu 2014, ndi yopepuka kupanga dawunilodi, siifuna intaneti kuti igwire ntchito, ndipo palibe amene adzakulipiritseni gemu yanu ikagulidwa. Pojambula za 2D gwiritsani ntchito Krita, ndipo pa phokoso pali Audacity, zonsezi zaulere. Mitundu yatsopano ya Blender imafuna RAM yosachepera 8GB, choncho ndalama yoyamba imene mupeze ipite kwa amisiri a makompyuta m'tauni kuti aone ngati laputopu yanu ingalole kuwonjezera RAM ndi kuika SSD, chosungira mafayilo chofulumira, zimene n'zotsika mtengo kuposa kugula ina. Popeza magetsi athu amazimazima, phunzirani Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zimene mwasintha pa ntchito yanu, sabata yoyamba yomweyo ndipo muzisunga ntchito yanu pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code, mukapeza netiweki, kuti makina akafa miyezi yanu isafe nawo.

Musamangirire mtima pa injini imodzi. Mu September 2023 eni ake a Unity analengeza kuti ayamba kulipiritsa opanga magemu malinga ndi kuchuluka kwa anthu oika gemu m'makina awo, anthu anakwiya kwambiri, ambiri anasamukira ku Godot, ndipo patatha chaka chimodzi ndondomekoyo inathetsedwa. Amene anavutika pang'ono pa nthawiyo ndi amene ankamvetsa mfundo zimene zili pansi pa injini iliyonse, monga mmene zinthu zimagundirana, mmene kamera imagwirira ntchito ndi mmene memory imasamalidwira. Mukazidziwa zimenezi pa Godot, kusamukira ku Unity mukadzapeza makina abwino ndi nkhani ya masabata.

Funso lanu lachiwiri, la mmene mungadziwire kuti mwasankha bwino, silingayankhidwe ndi kuganiza kokha, ndipo kukonda kusewera magemu sikukuuzani chilichonse pa gawo limene likukuyenerani. Pangani gemu yaing'ono kwambiri, nokha, ndipo muimalize. Mwachitsanzo, wa kabaza akuchokera ku Katoto kupita ku msika waukulu, akunyamula anthu m'njira, akuzemba maenje ndi matope, ndipo akafika pa chitunda mphamvu zake zikutha msanga ngati wanyamula katundu wolemera. Sikirini imodzi, mphindi imodzi ya sewero, basi. M'kagemu kameneka muli magawo onse. Mudzalemba code yoti njinga iyende ndi kugundana ndi zinthu. Mudzajambula njinga, wopalasa ndi msewu. Mudzajambula ndi foni yanu kulira kwa belu la njinga. Mudzasankha kuti maenje abwere motalikirana bwanji ndiponso kuti wokwera mmodzi alipire zingati, imene ndi design yeniyeni. Mukamagwira ntchitoyi muzidziyang'anira: ndi gawo liti limene mumathamangira magetsi akangoyaka, ndipo ndi liti limene mumangoti ndichita mawa? Makamaka muone gawo limene zotopetsa zake mumazipirira popanda kukakamizidwa, chifukwa zokoma za gawo lililonse aliyense amazikonda, ndipo chimene chimasiyanitsa anthu ndi zowawa zimene angathe kukhala nazo.

Mukamaliza, ikani gemuyo mufoni ndipo mupatse mwana wa pafupi ndi kwanu kuti asewere, inu osamuuza kanthu. Mukaona kuti kusokonekera kwake kukukupatsani chidwi m'malo mokupsetsani mtima, ndipo mukufunitsitsa kubwerera kukasintha manambala kuti ayesenso, ndiye kuti mbewu ya designer ilimo mwa inu. Pambuyo pake pangani ina ndi anzanu awiri kapena atatu, aliyense atenge gawo limodzi, kenako pa yachitatu musinthane. Global Game Jam, imene inayamba mu 2009, imachitika chakumapeto kwa January kapena kumayambiriro kwa February chaka chilichonse ndipo magulu amapanga gemu m'maola 48 okha, pamene pa itch.io, tsamba la pa intaneti loikapo magemu, pamakhala mipikisano yotere chaka chonse imene mungalowe muli ku Luwinga konko. Anzanu a m'kalasi, kapena achinyamata amene amakumana pamalo monga Mzuzu E-Hub, ndi okwanira kuyamba nawo. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chimene chimachitika kawirikawiri m'magulu a ophunzira: mtsikana amapatsidwa ntchito yolemba lipoti ndi kukongoletsa, anyamata n'kugwira kiyibodi. Musalole zimenezo. Ngati nthawi ino ndi yanu yolemba code, ilembeni ndinu, ngakhale muchedwe.

Tikambeko za kumene ndalama zingachokere, chifukwa kusankha gawo osaona msika ndi kudzinamiza. Njira yoyamba ndi kugwirira ntchito makampani akunja muli kuno, ndipo kumeneko safunsa kwambiri satifiketi, amafunsa portfolio, kutanthauza magemu ndi zojambula zimene angathe kuziona ndi kuzisewera. Pa njira imeneyi luso lozama limodzi limagulika kuposa kudziwa pang'onopang'ono zinthu zisanu. Njira yachiwiri, imene achinyamata ambiri amainyoza koma ine ndimaiona kuti ndi yapafupi kwambiri kwa Mmalawi, ndi masewera ophunzitsa. Bungwe la onebillion la ku Britain linapanga mapulogalamu a pa tabuleti ophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, linali limodzi mwa awiri amene anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE mu 2019, ndipo mapulogalamu amenewa akugwiritsidwa ntchito m'sukulu za pulayimale za boma. Ntchito yotere, ngakhalenso ya mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi, imafuna ojambula, oyendetsa zithunzi, olemba code ndi oyesa amene amadziwa mwana wa kuno, chinenero chake ndi foni imene ili m'nyumba mwawo.

Njira yachitatu ndi kugulitsa gemu yanuyanu, ndipo ndi yovuta kuposa zonse. Kulembetsa ngati wopanga mapulogalamu pa Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha, kuika gemu pa Steam, msika wa magemu a pakompyuta, ndi madola 100 pa gemu iliyonse ndipo eni ake amatenga 30 peresenti ya zogulitsa, pamene pa itch.io mungaike kwaulere. Ndalama zimenezi ndi za madola, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zimalemera m'thumba la wophunzira. Vuto lalikulu ndi lakuti osewera ambiri kuno ndalama zawo zili pa Airtel Money ndi Mpamba, osati pa makhadi a banki amene misika ikuluikuluyi inazolowera. Kampani ya Carry1st, imene inayamba mu 2018 ndipo likulu lake lili ku Cape Town, inakula makamaka pothetsa vuto limeneli la kalipiridwe m'mayiko a mu Africa. Mudzamva nkhani ya Eric Barone, amene anapanga Stardew Valley yekhayekha kwa zaka zoposa zinayi n'kuitulutsa mu 2016, ndipo ndi nkhani yoona, koma musaitenge ngati ndondomeko ya moyo, chifukwa pa munthu mmodzi wotere pali ambirimbiri amene magemu awo sanagulidwe.

Zitsanzo zoyenera kuziyang'ana zili pafupi. Kampani ya magemu ya Leti Arts inayambitsidwa mu 2009 ndi Eyram Tawia wa ku Ghana ndi Wesley Kirinya wa ku Kenya. Maliyo Games ili ku Lagos kuyambira 2012. Kiro'o Games ya ku Yaoundé inatulutsa Aurion mu 2016, gemu yotsamira pa miyambo ya mu Africa. Qene Games ya ku Ethiopia inaika pafoni Gebeta, masewera a njere ndi timaenje a mtundu umodzi ndi bawo. Chitsanzo chimene chikukhudzani kwambiri ndi Nyamakop ya ku Johannesburg, imene gemu yake ya Semblance inayamba ngati ntchito ya ophunzira a pa yunivesite ya Wits ndipo inatuluka pa makina osewerera magemu a Nintendo Switch mu 2018. Onsewa anayamba ndi timagulu tochepa, mmene munthu mmodzi amagwira magawo awiri kapena atatu. M'gulu la anthu anayi mulibe mpando wa munthu wongoganiza, koma wojambula amene amathanso kutsegula code n'kukonza vuto amakhala msanamira ya gululo, ndipo mawu ake pa nkhani ya design amamveka.

Za nkhani zakwathu zimene mukufuna kuika m'magemu, ndikukulimbikitsani, ndipo gemu yolankhula Chitumbuka kapena Chitonga cha ku Nkhata Bay ingakhale chinthu chimene kampani ya kunja singachipange bwino. Mungosamala ndi zinthu zimene eni ake amazilemekeza. Vimbuza ndi gule wochiritsa, ndipo gule wamkulu ali ndi zinsinsi ndi malamulo ake, moti kuzisandutsa zilombo zoti wosewera azimenya chifukwa choti zikuoneka zoopsa kungapweteke anthu amene mukufuna kuti anyadire ntchito yanu. Kafunseni akuluakulu musanajambule. Nthano za kalulu, ulendo wa pa nyanja, kapena moyo wa pa msika zili ndi zokwanira kuyambira.

Maphunziro anu a ICT musawasiye, ndipo makalasi a data structures, masamu ndi ma network muwagwire mwamphamvu, chifukwa ndi amene mudzawafune gemu ikayamba kuchedwa. Kambiranani ndi aphunzitsi anu nthawi ikadalipo kuti pulojekiti yanu ya chaka chomaliza ikhale gemu, yaing'ono koma yomalizidwa, yoyenda bwino pafoni ya Android yotsika mtengo, imene zojambula zake ndi shader zake mwapanga nokha. Dzipatseni chaka chathunthu cha kulemba code ya magemu moona mtima musanaweruze. Chakacho chikatha code ikukulemeranibe, pitani kwathunthu ku 3D ndi kuyendetsa zithunzi, ndipo code yochepa imene mwaphunzira idzakuikani patsogolo pa ojambula anzanu. Mukaona kuti pensulo yayamba kugona ndipo usiku ukukutherani pa bug, tsatirani malangizo a achimwene anu, mukhale programmer wa kaseweredwe, mulimbikire C# kenako C++. Zonse ziwiri zikakhalabe zamoyo, yambani kusonkhanitsa portfolio ya technical artist: shader ya madzi, munthu mmodzi woikidwa mafupa bwino, chida chimodzi cha Python chothandiza ojambula mu Blender, ndi kanema wamfupi woonetsa mmene gemu inkayendera musanaikonze ndi mmene ikuyendera mutaikonza.